Khansa ya kummero: tisakankhire mlandu kwa HPV

Pali nkhani imene ikuyenda pakati pa anthu owerengako za umoyo, yakuti kachilombo ka HPV, kaja kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, ndi komwenso kakutha anthu ndi khansa ya kummero. Ena amawonjezera kuti wodwala amene chotupa chake chapezeka ndi kachilomboka amakhala nthawi yaitali kuposa mnzake, choncho boma liyambe kuyeza HPV mwa aliyense amene akulephera kumeza. Ndaimva kwa aphunzitsi, ndaimvanso kwa achinyamata ophunzira za unamwino, ndipo pa WhatsApp ndiye anthu amangopatsirana osafunsa. Si nkhani yopekedwa kumowa ayi, ili ndi kumene inachokera. Koma kwa ife a ku Dedza ndi ku Ntcheu, amene timaika anthu ofa ndi njala nkhokwe zili zodzaza, nkhaniyi ikutilozera kolakwika. Umboni umene ulipo ukusonyeza kuti HPV si mwini wa khansa ya kummero ya kuno, ndipo si iye amene amagamula kuti wodwala akhala miyezi ingati.

Tiyambe tamvana za nthenda yake. Ndikunena khansa ya m'njira imene chakudya chimadutsa kuchoka pakhosi kukafika m'mimba, njira yotalika pafupifupi masentimita 25. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi yachuluka kwambiri pa dziko lonse, limodzi ndi mayiko a kum'mawa kwa Africa kuyambira ku Ethiopia, Kenya, Tanzania mpaka ku Eastern Cape ku South Africa. Kunja kwa Africa imadziwika ku Linxian ku China ndi ku Golestan ku Iran. Mtundu umene odwala ambiri kuno amapezeka nawo ndi umene madokotala amautcha squamous cell carcinoma, womera pa kakhungu kokuta mkati mwa njirayo.

Amene anadwazikapo safuna kuuzidwa mmene imayendera. Poyamba nyama ndi chimanga chootcha zimakakamira pachifuwa. Kenako nsima, ndiye munthu amayamba kutema timbamu ting'onoting'ono n'kumakankhira ndi madzi. Mayi a m'nyumba amafewetsa nsima, kenako amangophika phala, phala lija n'kumalisungunula mpaka kungotsala madzi okhaokha. Pamapeto ngakhale malovu amabwerera, wodwala n'kumagona ndi kachitini pambali pa mphasa. Poyamba sipweteka kwenikweni, n'chifukwa chake anthu amazengereza. Kafukufuku amene anatsatira odwala 300 ku Lilongwe, wofalitsidwa mu 2023, anapeza kuti theka la iwo anali atamwalira pasanathe miyezi 4 chiwapezereni ndi nthendayi, ndipo amene anakwanitsa chaka anali pafupifupi mmodzi pa anthu 10 alionse.

Nanga HPV analowa bwanji m'nkhaniyi? Mu 1982 dokotala wa ku Finland, Kari Syrjänen, ataunika zotupa za kummero anaona maselo ooneka ngati a njerewere zimene HPV amayambitsa, n'kuganiza kuti mwina kachilomboka kali ndi mbali. Mu 1983 ndi 1984 gulu la Harald zur Hausen ku Germany linapeza HPV 16 ndi HPV 18 m'khansa ya khomo la chiberekero, ntchito imene inam'patsa mphoto ya Nobel mu 2008. Mitundu iwiri yokhayi imayambitsa pafupifupi 70 pa 100 ya khansa ya khomo la chiberekero. Kakhungu ka kummero ndi ka pakhomo la chiberekero n'kofanana mapangidwe ake, choncho kukayikira kuja kunali kwanzeru ndithu.

Chimene chinakoleza moto ndi khansa ina yoyandikana nayo, ya kumtunda, kuseri kwa kamwa: ya ma tonsil ndi ya patsinde pa lilime. Kumeneko HPV ndi wolakwadi, ndipo chodabwitsa n'chakuti odwala amene khansa yawo yachokera kwa HPV amachira bwino kuposa amene yachokera ku fodya ndi mowa. Kafukufuku wa ku America wa 2010 anapeza kuti patatha zaka 3, odwala 82 pa 100 a HPV anali ndi moyo, pamene mwa anzawo opanda HPV anali 57 pa 100. Chifukwa chake chikudziwika ndithu. M'maselo athu muli puloteni yotchedwa p53 imene imaletsa selo lowonongeka kupitiriza kuswana. HPV amaifooketsa puloteniyi koma chibadwa chake chimatsala chabwinobwino, kotero mankhwala a khansa ndi radiotherapy (kuwotcha chotupa ndi kuwala kwamphamvu) zikafika, chotupa chimagonja msanga. Fodya ndi mowa zimawononga chibadwacho. Kusiyanaku n'kwakukulu moti kuyambira 2018 madokotala amayeza kukula kwa khansa ya kuseri kwa kamwa ndi miyeso iwiri, wina wa HPV wina wopanda HPV.

Anthu ataona zimenezi anati: ngati zili choncho pamwamba, bwanji osati masentimita owerengeka pansi pake? Funso labwino, ndipo akatswiri alifufuza kwa zaka zoposa 30. Zotsatira zake ndi chisokonezo. Ena sanapeze HPV ngakhale m'chotupa chimodzi, ena anam'peza m'zotupa zoposa theka, nthawi zina onsewo akuyeza anthu a dziko limodzi. Makina a PCR amene amagwiritsa ntchito pofufuza kachilomboka amatola ngakhale kadontho kosaoneka, ndiye labu imene imayezanso zinthu za khomo la chiberekero ikangophonya ukhondo pang'ono, imapeza HPV pamene palibe. Komanso ngakhale DNA ya kachilombo ikhalemodi, kupezeka pamudzi tsiku limene mbuzi yabedwa sikutanthauza kuti ndiwe wakuba. Pafunika kuona kuti kachilomboko kakugwiradi ntchito m'maselo a chotupacho, kakupanga mapuloteni ake awiri oipa aja, E6 ndi E7.

Amene anayeza mosamala chotero anabwerako chimanjamanja. Mu 2010 akatswiri a ku America ndi China anayeza zotupa 272 za ku Linxian, mosamala kwambiri kuti pasalowe zakunja, ndipo anagamula kuti HPV alibe mbali. Mu 2017 ntchito yaikulu ya The Cancer Genome Atlas inaunika chibadwa cha khansa ya kummero n'kunena zomwezo. Koma umboni wotikhudza kwambiri ndi wa pakhomo pathu pompano. Mu 2016 akatswiri anafalitsa zimene anapeza ataunika chibadwa cha zotupa za Amalawi 59, ndipo sanapeze chizindikiro cha HPV kapena kachilombo kena kobisala. Chimene anapeza ndi chimene chimapezeka kulikonse: p53 yowonongeka chibadwa. Pa dziko lonse, pafupifupi zotupa 9 pa 10 za mtundu umenewu zili ndi p53 yowonongeka, zosiyana kotheratu ndi khansa za HPV.

Sindibisa kuti pali kafukufuku wa ku Zomba wa 2018 amene anapeza HPV 16 mwa odwala ena ochepa. Anthu okonda nkhani ya HPV amathamangira pamenepo. Koma odwala oyezedwa anali ochepa, ndipo ambiri mwa iwo analibe kachilomboka. Bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa imene ili ku Lyon ku France, limavomereza kuti HPV amayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, ya kumaliseche kwa amayi ndi abambo, ya kotulukira chimbudzi, ya m'kamwa ndi ya ma tonsil. Mmero mulibe pa mndandanda umenewo.

Pa za kutalika kwa moyo wa wodwala ndiye akatswiri sagwirizana n'komwe. Ena ku China anapeza kuti a HPV amakhalako nthawi yaitali, a ku Sweden sanaone kusiyana kulikonse, ndipo ena ku Japan anapeza kuti a HPV ndiwo amafa msanga. Ku Australia kuli zotsatira zolimbikitsa, koma ndi za mtundu wina wa khansa ya kummero, wobwera ndi asidi wa m'mimba ndi kunenepa, umene kuno supezekapezeka. N'chifukwa chake ngakhale m'mayiko olemera dokotala sasintha mankhwala a wodwala khansa ya kummero potengera HPV. Ngati London ndi Tokyo sakuyeza, ife tiyezerenji ndi ndalama zimene zikanagula mafuta a ambulansi?

Wina anena kuti, chabwino, koma palakwika chiyani anthu akamakhulupirira zimenezi? Mwina mantha a khansa ya kummero apangitsa makolo kubayitsa ana katemera wa HPV. Apa ndiye ndikukana kwamtuwagalu, ndipo chifukwa changa chachikulu si cha mu labu, n'cha kumudzi.

HPV amafala pogonana. Pafupifupi aliyense amakumana naye nthawi ina pa moyo wake, ndipo mwa ambiri thupi limam'chotsa lokha pasanathe zaka 2. Koma kumudzi mawu amene adzatsala m'makutu ndi oyamba aja okha. Taganizani bambo wa zaka 55 wa ku Mayani, mkamwini, waonda mpaka nthiti kuwerengeka. Abale ake afika kudzazonda. Lero lomwe, asanamve n'komwe za HPV, alongo ake amayang'ana mkazi wake ndi diso lofiira, kunong'onezana kuti alamu anu awa am'dyetsa kanthu. Ndiye muwapatse mawu atsopano, oti achipatala akuti nthendayi imabwera ndi kachilombo ka pogonana. Mayi amene wakhala akusefa phala usiku ndi usana, kutaya kachitini ka malovu, adzamva kuti, "Alamu, mwatiphera mbale wathu ndi matenda anu." Akadwala mayi, mlandu udzamugwerabe iye yemweyo, adzati ankayendayenda. Tinaziona zimenezi nthawi ya Edzi, mmene manyazi anaphera anthu amene mankhwala akanawapulumutsa. Munthu woganiza kuti nthenda yake ndi yochititsa manyazi amabisa, ndipo khansa imeneyi imakula bwino pobisika.

Katemera nayenso safuna kumunamizira. Anayesedwa koyamba ku Rumphi ndi ku Zomba mu 2013, n'kukhazikitsidwa dziko lonse mu Januwale 2019 kwa atsikana a zaka 9. Alangizi a zaumoyo akhetsa thukuta kulimbana ndi mphekesera zoti katemerayu amatseka mimba. Chimene chawathandiza ndi kunena zoona zokhazokha. Ndipo zoonazo n'zokwanira: khansa ya khomo la chiberekero ndi imene ikupha amayi ambiri kuposa khansa ina iliyonse m'Malawi, ndipo ku Sweden kafukufuku wa 2020 anapeza kuti atsikana obayidwa asanakwanitse zaka 17 chiopsezo chawo chinatsika ndi 88 pa 100. Kholo lililonse la ku Bembeke kapena ku Nsipe libayitse mwana wake pa chifukwa chimenecho. Tikayamba kulonjeza zimene katemera sangachite, tsiku limene anthu adzazindikire adzakayikira ndi zoona zomwe. Za kubaya anyamata ndi nkhani yoyenera kukambirana, chifukwa nawonso HPV amawadwalitsa khansa zina, koma ikambidwe pa zifukwa zake, osakokeramo mmero.

Chimene chimandinyansa kwambiri n'chakuti nkhani ya kachilombo ndi yokoma m'khutu chifukwa imatichotsera udindo. Kachilombo n'kosaoneka, kochokera kwina, kofuna jakisoni basi. Zimene zili ndi umboni weniweni ndi zimene timagwira ndi manja athu tsiku ndi tsiku. Mowa ndi fodya n'zotsimikizika pa dziko lonse, ndipo zikaphatikizana chiopsezo chimachulukirachulukira. Kachasu wotchezedwa kuseri kwa nyumba, wakumutu uja amene anyamata amapikisana naye pa tsiku la msika, amadutsa pa kakhungu komweko, n'kutsatana ndi utsi wa chingambwe. Mu 2016 IARC inanena kuti zakumwa zotentha kupyola madigiri 65 zikuoneka kuti zimayambitsa khansa ya kummero, ndipo kafukufuku wa ku Malawi ndi Tanzania wa 2022 anapeza kuti amene amamwa ndi kudya zotentha kwambiri, mothamanga, mpaka kumapsa m'kamwa, ndiwo amapezeka nayo kwambiri.

Apa a ku Dedza ndi a ku Tsangano timve bwino. Kuzizira kwa Juni ndi Julaye kuno si kwamasewera, ndipo tiyi amene sakuwotcha milomo timamubweza kuti wazizira. Pitani m'matiyirumu a pa Chimbiya kapena pa Lizulu m'mamawa, anthu ogula mbatata ndi kabichi akuthamangira galimoto, muone mmene tiyi wamkaka wochoka pamoto amatsikira. Phala la ana nalo timalipereka likufuka nthunzi. Usiku agogo amagona m'khitchini, chikuni chikunyeka mpaka mbandakucha, chitseko chotseka, ndipo akafukufuku a ku Malawi, Zambia ndi Kenya akhala akuloza utsi wa nkhuni kuti uli ndi mbali. Kusasamala mano nako kwatchulidwa. Ndikudziwa amayi opemphera amene sanalawepo mowa kapena fodya koma anapita ndi nthendayi, ndipo kafukufuku wa 2021 wa zotupa 552 za m'mayiko 8, kuphatikizapo Malawi, sanapeze chinthu chimodzi chofotokoza chifukwa chake madera ena ali nayo yambiri. Choncho kufufuza kupitirire, za HPV zomwe, makamaka poti kuno anthu ambiri ali ndi HIV imene imapangitsa HPV kukhalitsa m'thupi. Koma kusiya tiyi kuti apoleko mphindi zingapo sikudikira kafukufuku wina aliyense, ndipo sikulira ndalama.

Tsono chimene chimagamula moyo wa wodwala n'chiyani? Ndi msinkhu umene chotupa chafika tsiku limene chapezeka, kuti chafalikira kapena ayi, ndi mphamvu zimene zatsala m'thupi. Ku China, m'madera ngati Linxian, amaunika anthu asanayambe kudwala, n'kuchotsa tizilonda toyambirira popanda opaleshoni yaikulu, ndipo imfa zatsika. Kuno ulendo wake umakhala wokhotakhota. Munthu wa ku Lobi kapena ku Kasinje amayamba wagula mankhwala a zilonda za m'mimba pa golosale. Akapita ku chipatala chaching'ono amanena kuti pamtima pakuwotcha, n'kulandira omwewo. Zikakanika, kwa asing'anga, kumene amatemera pachifuwa ndi kumusanzitsa. Mbuzi yapita, nkhuku zapita. Pofika poti alandire kalata yopita ku chipatala chachikulu kukaunikidwa ndi kachubu ka kamera kolowetsa kukamwa, kamene amati endoscopy, ndalama ya basi kulibe, ndipo munthu akuchita kunyamulidwa. Kuchoka pa boma la Dedza kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85 a tala, koma kwa wodwala wa kuseri kwa phiri amene sanadye mwezi wathunthu, ndiponso wofuna womudikirira, ulendowo ndi wa miyezi.

Ndiye ngati pali ndalama yoti tiike pa khansa ya kummero m'maboma awiriwa, ine ndingaiyambitsire pa funso limodzi. Mlangizi wa zaumoyo aliyense, namwino aliyense wa pa chipatala chaching'ono, akakumana ndi munthu wamkulu woonda kapena wodandaula za pachifuwa afunse kuti, "Bambo, nsima ikumatsika bwinobwino?" Akayankha kuti ikumaima, ameneyo asabwerere kunyumba ndi mapiritsi okha. Alembedwe kalata tsiku lomwelo, ndipo wina aziona ngati anakafikadi. Funso limeneli silingapulumutse onse, chifukwa kumeza kukayamba kuvuta chotupa chimakhala chitakula kale. Koma kupezeka uli ndi mphamvu zoyenda wekha n'kosiyana ndi kupezeka uli pa machira. Woyambayo angathe kupirira mankhwala a khansa, opaleshoni kapena radiotherapy, imene kwa zaka zambiri Amalawi ankaitsatira kunja kwa dziko.

Palinso thandizo limene sitilikamba mokwanira chifukwa silichiritsa. Kapaipi kotsegula njira, kamene madokotala amati stent, kamaikidwa popanda kung'amba munthu, ndipo amene amalephera kumeza madzi amayambanso kumwa phala, mkaka, mazira ndi chiponde chosungunula. Sikachotsa khansa. Koma kufa uli wokhuta, ukucheza ndi zidzukulu, n'kosiyana kutalitali ndi kufa ndi ludzu madzi uli kuwaona. Mofini wakumwa ndi wotsika mtengo ndipo amathetsa ululu, bola azipezeka pafupi, osati kuti mwana azikwera minibasi kukamutenga ku boma sabata iliyonse. Ena amati kuika ndalama pa munthu woti amwalirabe n'kutaya. Amene amatero sanakhalepo usiku ndi munthu akupempha madzi amene sangathe kuwameza.

Aphungu athu ndi makhansala amakonda kumanga zinthu zooneka, zoti alembepo dzina. Pokambirana bajeti ya khonsolo ndi ndalama za chitukuko cha m'madera, wina adzutse nkhani yoti dokotala wodziwa kuunika mmero azibwera ndi makina ake pa chipatala cha boma la Dedza ndi cha Ntcheu pa masiku oikika, anthu n'kumadziwiratu tsiku lake monga amadziwira la sikelo ya ana. Afunsenso kuti odwala amene amatumizidwa ku Lilongwe ndi vuto la kumeza ndi angati pa chaka, angati amakafikadi, ndipo amadikira masabata angati asanaunikidwe. Mayankho ake ali m'mabuku a zipatala momwemo, akungofuna munthu wowawerenga n'kuwabweretsa pa msonkhano wa khonsolo.